Galimoto Yofiira ndi Nyundo ya Malume

Mbiri ya umisiri wa dziko lino ikadzalembedwa mopanda tsankho, ndikupempha kuti tsamba langa lidzakhale koyambirira, ndipo lidzalembedwe m'zilembo zikuluzikulu. Kuchokera ku Chongwe mpaka pa mlatho wa Luangwa, mtunda wonse uja wa mapiri ndi makona ogwetsa malole, palibe munthu wina wopuma mpweya amene anasinthapo maberingi a galimoto ya mipikisano ya ku Ulaya, yakale ija ya mipando iwiri, koma ine ndekha. Ndikunena izi dzanja lili pamtima.

Chifukwa chake n'chakuti galimoto yotereyi m'boma lonse la Rufunsa ilipo imodzi, ndipo anthu ena onse ali ndi zochita.

Kwa inu amene simunagonepo chagada pansi pa galimoto, beringi ndi mphete ziwiri zachitsulo, ina m'kati mwa inzake, pakati pake pali timipira tachitsulo. Ntchito yake ndi yoti tayala lizizungulira popanda kukangana ndi galimoto. Ikatha, mkanganowo umamveka mudzi wonse.

Galimotoyo inali ya malume aakulu, alongo awo a mayi anga. Iwo anaphikira mzungu wina ku Lusaka kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Mzunguyo atatopa ndi dziko lathu, kapena dziko lathu litatopa naye, anawasiyira galimotoyo m'malo mwa penshoni, n'kuwagwira chanza mwamphamvu kwambiri. Malume anabwera nayo kumudzi kwathu kuno, chakufupi ndi Mpanshya, kumene banja lathu linasamukira kuchokera kum'mawa pofunafuna minda. Amati kale inali yofiira ngati phwetekere. Pamene ine ndinkaidziwa inali itafanana ndi njerwa yosapsa bwino. Denga lake linali lansalu, ndipo makoswe anali atathana nalo. Kumbuyo kwake sikulowa ngakhale thumba limodzi la chimanga. Mimba yake imakhula pansi, moti ikakumana ndi mzere wa mbatata imaima n'kuyamba kulingalira. Mwachidule, ndi galimoto yopangidwira anthu opanda abale. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndi anthu a mtundu wanji amene anakhala pansi, anthu ophunzira ndithu, n'kupanga galimoto yopanda malo a apongozi, a mbuzi, kapena a wodwala.

Lamlungu lililonse akabwera ku Misa, malume ankailiza injini, n'kukhala m'menemo manja ali pa chiwongolero, akuyang'ana nkhokwe. Nthawi zina ankandiitana kuti ndikhale pa mpando winawo. Tinkangoyang'ana nkhokweyo limodzi mpaka petulo atatsala pang'ono, kenako ankazimitsa n'kunena kuti, "Tafika." Injiniyo motero inakhalabe yamoyo. Koma kuyenda galimotoyo inali itasiya kalekale, kuyambira pamene kumbuyo kwake kunayamba kulira ngati nkhumba yomangidwa pa njinga, matayala akugwedezeka ngati mano a nkhalamba.

Atamwalira, pa tsiku logawa katundu, anthu anzeru anatenga zinthu zanzeru. Ng'ombe zinapita, malata anapita, njinga, wailesi, ngakhale jekete lawo la mabatani osiyanasiyana linapeza mwini. Galimoto inatsala pabwalo ngati fupa. Ndiye wina anati, "Mupatseni wa kukoleji uyo, ndiye amadziwa zinthu zopanda ntchito."

Za kolejizo ndinene pang'ono. Ine ndi koleji tinasiyana mwaulemu m'chaka chachiwiri. Iyo inkafuna ndalama ndi mayeso. Ndalamazo ndinalibe, mayesowo sindinkawafuna, ndipo palibe amene anatengera mnzake kukhoti. Ndinabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi ndi dzina laulemu lakuti aprofesa, limene anthu amalitchula pakamwa patapendekeka.

Sindinganene kuti galimotoyo ndinkaikonda. Munthu wanzeru sakonda chinthu chimene nkhuku zimaikiramo mazira. Koma pa dziko lonse lapansi, chinali chinthu chokhacho chimene anthu akachiloza ankati ndi changa.

Tsono ndili ndi alamu, amuna a mlongo wanga wamkulu. Ndi munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, amene amaseka asanamve nthabwala kuti asaoneke wotsalira. Pa kugawa kuja, mlongo wanga analandira ng'ombe ziwiri zapagoli, choncho alamu anadzuka tsiku lina ali mwini ng'ombe wopanda ngolo. Muyenera kudziwa kuti kwathu kuno galimoto siifa, imasanduka ngolo. Amadula ekiselo ya kumbuyo, chitsulo chija chogwira matayala awiri, n'kukhomapo matabwa, basi. Ngolo zonse zimene mumakumana nazo zikutsitsa makala kumsewu waukulu zinakhalapo ndi moyo wina. Ina inali ya bwanamkubwa, ina inkanyamula odwala. Lero zonse zimatsatira matako a ng'ombe.

Alamu anayamba kundichezera. Sankakhala pampando. Ankanjuta kumbuyo kwa galimoto n'kumayeza ekiseloyo ndi zikhatho, monga amachitira wogula nkhumba.

"Aprofesa, ka motoka aka kakuchita chani apa?"

"Kakupuma, alamu."

"Kakupuma! Kanatopa na chani? Ine chimanga chikuwola kumunda, imwe mwasunga matayala a bwino so pansi pa nkhuku."

"Nkhukuzo sizinadandaule."

Nkhaniyo anakaitula kwa malume aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, amene anatenga mpando wa banja. Malume aang'ono ndi munthu amene moyo wake wonse sanakonzepo kanthu, koma sanasowepo pamalo pamene kanthu kakukonzedwa. Anatiitanitsa pansi pa mtengo wa mango, anatsokomola monga amachitira anthu amene akufuna kunena za m'Malemba, ndipo anagamula.

"Galimoto ni chinthu choyenda. Chosayenda ni chitsulo, ndipo chitsulo ni cha banja. Manje mvera, muphwa. Tsiku lovundukula chiliza cha akulu likubwera. Tsiku limenelo galimoto iyi inyamule amayi awa," analoza akazi a malemu ndi ndodo, "kuchoka pakhomo pano kufika kumanda. Yokha, popanda wokankha. Ikafika, ni yako. Ikalephera, mkamwini adule."

Alamu anawomba m'manja mpaka fumbi linatuluka m'zikhatho.

M'mawa mwake ndinayamba kumasula. Jeke inalipo ya malemu, yokweza theka n'kusiya theka linalo m'manja mwa Mulungu, choncho ndinatchinjiriza ndi zipika. Kwathu munthu akangogona pansi pa galimoto, amuna amatuluka m'tchire ngati inswa mvula yoyamba ikagwa. Ndinkaona mapazi okhaokha, ophwanyika zidendene, atazungulira galimoto, ndipo phazi lililonse linali ndi maganizo. Wina anati ndithiremo utuchi wosakaniza ndi girizi, phokoso lidzatha. Wina anati makoko a nthochi amaposa utuchi. Wina anati vuto si chitsulo, mzungu uja anachoka ndi mtima wowawa. Aliyense anali ndi msuweni makaniko ku Kitwe, ndipo asuweni onsewo ankatsutsana. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandipatsira sipanala.

Nditasolola mashafiti awiri, zitsulo zimene zimazunguza matayala akumbuyo, ndinaona chimene chinkaliza nkhumba ija. Timipira ta m'maberingi tinali ngati mtedza wotafunidwa ndi mbewa. Tina tinagwera m'dzanja langa tokha, mosakakamizidwa. Pansi pa mimba ya galimoto palinso chitsulo chachitali chimene amakaniko amati propela, chotenga mphamvu ku injini kupititsa kumbuyo, ndipo kamtanda kolumikizira kumapeto kwake nako kanali kakugubuduka ngati bondo la wosewera mpira wopuma pantchito.

Ndinakulunga zonse m'pepala, ndinapempha malo pa lole ya makala, ndipo ndinafika mu Lusaka ndikuoneka ngati katundu wa loleyo.

Anandilozera sitolo ina ya anthu okonda magalimoto akale. Inde, aliko anthu oterowo, ndipo amadya katatu pa tsiku. Mwini wake anali ndi magalasi awiri, ena pamaso ena pamutu. Anagwira beringi yanga ndi nsonga za zala ngati thewera la mwana wa eni.

"Bosi, izi sizipezeka muno mu Zambia. Tifunika kuitanitsa kunja. Ni galimoto ya ulemu iyi, siifuna vinthu va pa msika."

Anatchula mtengo. Unali mtengo wa ng'ombe yamoyo, ya nyanga zake zonse. Ataona nkhope yanga anati akhoza kundithandiza pogula galimoto yonseyo, kuti akwati azijambulitsirapo zithunzi. Ndinamuthokoza chifukwa cha chifundo chake, chimene chinali kuonekera patali ngati chotupa.

Panja ndinakhala pa mwala, ndinapukuta mphete ija ndi malaya, ndipo m'mphepete mwake munaoneka nambala. Kuwerenga nambala ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene koleji sinathe kundilanda pochoka. Ndinayenda nayo nambalayo sitolo ndi sitolo mpaka ndinalowa mogulitsa zipangizo za zigayo. Mtsikana wa pa kauntala anaponya mabokosi awiri patsogolo panga maso ake osachoka pa foni. Nambala yomweyo. Ndiye kuti galimoto ya ulemu ya ku Ulaya, imene siifuna vinthu va pa msika, imayendera akakolo omwewo amene amayendera chigayo cha gaga. Kamtanda ndinakapeza pa mulu wa zitsulo kuseri kwa msika, kwa munthu amene analumbira pa manda a amayi ake kuti n'katsopano, amayi akewo atakhala pambali pake akugulitsa chinangwa.

Nditabwerera ndinapeza alamu asanduka mngelo. Anabweretsa zipika zina. Anatsuka mashafiti ndi parafini wawo. Anatenga bokosi limodzi, analitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ndi nkhawa ya kholo, "Ni zolimba izi, aprofesa? Simunagule za fong'kong'o, zosakhalitsa zija?" Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinawaweruza molakwa, kufikira nditazindikira kuti munthuyu ankayang'anira ntchito ya pa ngolo yake. Ine ndinali mmisiri wake waulere.

Ndinayamba ndi kamtanda. M'tizikho take tinayi muli tisingano tachitsulo tating'onoting'ono, ndipo tonse tiyenera kukhalamo, kusowa kamodzi ndiye kuti wagula phokoso latsopano. Kamodzi kanagwa pamchenga. Ndisanatambasule dzanja, nkhuku yathadzi ya akazi a malemu, imodzi mwa zija zinkaikira mazira pampando, inathamanga n'kukameza, kenako inandiyang'ana ndi diso limodzi ngati mwininyumba amene walandira lendi. Akazi a malemu, mayi wosakonda mawu ambiri, anangoti, "Inali itasiya kale kuikira." Madzulo ake kasingano kanapezeka m'nthutumba, kowala kuposa kale. Nthutumbayo inapita kwa malume aang'ono monga mwa mwambo, ndipo anaidya osadziwa kuti kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya banja lathu mwana anayamba ndiye kutengamo gawo lake.

Tsono maberingi. Beringi iyenera kugwira shafiti zolimba, choncho bowo lake ndi lochepa dala. Ikazizira siilowa. Ukaitenthetsa m'mafuta imafutukuka pang'ono, n'kutsetsereka yokha, ndipo ikazizira imagwira osasiyanso. Sipafunika kumenya. Tsiku limene malume anapita ku msonkhano wa feteleza, ndinamanga shafiti ya kumanja pa njinga n'kupita kumsewu waukulu, kwa mayi wina wokazinga vitumbuwa pamene amaima mabasi.

"Mafuta anga awa ni a anthu, osati a vitsulo," anatero.

"Amayi, chitsulochi n'choyera kuposa anthu ambiri amene mumawadyetsa."

Anandiyang'ana, anayang'ana kondakitala wina amene ankadya chitumbuwa akukanda m'khwapa, ndipo anandipatsa mafuta akuda a dzulo mu chiwaya chakale. Beringi inatentha, ndinaivuula ndi waya, ndinaiika pa shafiti, inatsika yokha mpaka pamalo pake n'kukhala phee. Panalibe woombera m'manja. Zinthu zikachitika bwino kwathu kuno sizikhala ndi mboni.

Koma mbiri inafika kwa malume kuti ntchito yagwirika iwo kulibe.

Apa mpofunika kufotokoza. Pa banja lathu ntchito yaikulu iliyonse amayamba ndi wamkulu. Pomanga nyumba, nsanamira yoyamba amazika ndi iye. Pokhoma denga, msomali woyamba ndi wake. Sagwira ntchitoyo, ayi, amangoiyamba, kenako amakakhala pamthunzi n'kumauza odutsa kuti wamanga nyumba. Nsanamira yakeyo ikapendekeka, nyumba yonse imapendekeka motsatira, chifukwa kuizula ndi kuzula ndevu za mwini wake. Pitani mukaone nyumba za kwathu. Zonse zimaoneka ngati zikumvetsera nkhani ya kwa aneba.

M'mawa mwake ndili pokonzeka kunyamula shafiti ya kumanzere, ndinaona malume akubwera, kumbuyo kwawo alamu, kumbuyo kwa alamu mapazi onse aja. M'dzanja la malume munali nyundo. Sinali nyundo ya misomali. Inali ija amaphwanyira miyala yogulitsa kumsewu.

"Muphwa, ndamva kuti ukukazinga vitsulo monga vitumbuwa."

Anthu anaseka. Alamu anali atayamba kale.

"Malume, beringi iyi imafuna kutentha chabe, ikatero imalowa yokha."

"Yokha! Ine zaka zonse nakhala pa dziko, sininaonepo chitsulo cholowa chokha. Chitsulo chimamva nyundo. Bweretsa kuno."

Anatambasula dzanja. Wamkulu akatambasula dzanja suikamo mafotokozedwe. Ndinayang'ana mayi anga, amene anali ataima pakhomo, ndipo anandiyang'ana ndi maso aja amene amati ndinakubala ndine, usandichititse manyazi. Ndinakumbukiranso kuti dzanja lotambasukalo ndi la woweruza mlandu wanga. Ndinayesa njira yotsiriza. Ndinatola kapaipi koti kakhale pa mphete ya m'kati, kuti nkhonya isagwere pa timipira.

"Menyani pa paipi apa, malume."

"Nimenye paipi? Yalakwa chani paipi?"

Anaimika shafiti pa chipika, anaika beringi yatsopano pamwamba, yozizira, yosalakwa, analavulira m'manja, ndipo anamenya. Anamenyanso. Kunena zoona inalowa. Chilichonse chimalowa ukachimenya ndi nyundo ya miyala. Pa nkhonya yotsiriza ndinamva kaphokoso kena kochepa pansi pa phokoso lalikulu, ngati munthu wathyola fupa la nkhuku m'chipinda china. Nditaitenga ndinaona mng'alu pa mphete ya kunja, wopyapyala ngati tsitsi.

Alamu nawo anauona. Ndinawaona akuuona. Ndipo ndinaona masamu akuyenda pa nkhope yawo yonenepayo: beringi yong'aluka pa ngolo ikhoza kukhala zaka, poti ng'ombe sizithamanga, koma pa galimoto singafike kutali. Anadumpha ngati mpira walowa.

"Mwaona? Mwaona imwe? Koleji ya chani! Kamodzi chabe, yalowa! Tayala la kumanzere ni la amalume, anthu inu mukhale mboni!"

Ine ndinagwada pang'ono, ndinawomba m'manja, ndinati, "Zikomo malume, mwatithandiza." Mawu amenewa ndawanenapo nthawi zambiri pa moyo wanga, koma tsiku limenelo anatuluka ngati minga ya nsomba. Nthawi yobwerera ku Lusaka panalibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo, kuchotsa beringiyo kukanakhala kuzula nsanamira ija. Ndinaipaka girizi wambiri monga amapakira mafuta mwana wodwala popita naye kwa alendo, ndinatseka, ndinamanga tayala.

Alamu sanapume. Pofuna kukondweretsa woweruza, anauza anthu kutchalitchi, kuchigayo ndi kumowa kuti aprofesa analephera, tayala la kumanzere anachita kukonza ndi amalume ndi manja awo. Pofika tsiku la chiliza, ngakhale ana ankadziwa tayala la malume.

Tsikulo kunacha bwino. Batire ndinabwereka ya sola, petulo ndinagula wa m'botolo. Akazi a malemu anatuluka atavala chitenje chatsopano, anaima pambali pa galimoto n'kuyang'ana mpando umene unali pafupifupi pansi.

"Mwana wanga, nikhale bwanji umu? Monga mu bafa?"

"Momwemo, amayi."

Anatsikiramo pang'onopang'ono, mawondo anafika pachibwano. "Zaka zonse zija amalume ako sananikwezepo. Anali kuti nizathyola masipuling'i." Anakonza duku lawo. "Tiye, tione chimene anali kunimana."

Injini inalira. Ndinaponda, ndipo galimoto inayenda. Tinadutsa nkhokwe ija n'kuisiya kumbuyo.

Tinayenda mwa ulemu wa maliro, amayi a kwaya akuimba kumbuyo, anthu ali mbali zonse. Malume ankayenda kumanzere, pafupi ndi tayala lawo, akuliloza ndi ndodo kwa alendo ochokera ku Lusaka. Alamu ankayenda kumbuyo kwenikweni, maso pa ekiselo, ngati mkwati wotsatira mkwatibwi. Kumanja kunali zii. Propela inali zii. Titadutsa chigayo, kumanzere kunayamba: tiki, tiki, tiki. Titawoloka kamtsinje kouma kunasanduka kukukuta, ngati galu ali ndi fupa pansi pa tebulo. Malume anayamba kuimba nawo nyimbo ya kwaya, mokweza, iwo amene sanaimbepo chibadwire. Kenako nkhumba ija inauka kwa akufa.

"Ni tayala liti likulira?" anafunsa mlendo wina, munthu wosadziwa kanthu.

Mitu yonse inatembenukira kumanzere.

Fungo la girizi wopsa linatipeza. Ndinachepetsa liwiro mpaka nkhalamba za ndodo zinayamba kutipitirira. Mitanda ya kumanda inayamba kuoneka patsogolo, pakati pa mitengo. Ndinalankhula ndi galimotoyo mumtima mawu amene sindingawalembe pano. Pafupi ndi mtengo wina wa masuku, tayala la kumanzere linagwira, linakhukhuluza pansi, galimoto inapotoka pang'ono n'kuima. Injini inatsokomola n'kuzima. Kumanda kunali kukadali patali ndithu, mtunda woti munthu akakuwa kumeneko umamva mawu koma osazindikira mwini wake.

Kwaya inasiya nyimbo pakati.

"Yalephera!" anakuwa alamu. "Mwaona nonse, siinafike! Manda ali uko, motoka ili pano!"

Mmodzi wa akatswiri a utuchi aja anagwira pakati pa tayalalo n'kubweza dzanja msanga akuyamwa chala. "Lapsa ili. Ili lomwe ili la amalume."

Analinena mosaganiza, monga amanenera zonse. Koma linamveka. Alendo a ku Lusaka anayang'ana tayala, anayang'ana malume. Alamu, amene pakamwa panali pakadali potsegula, anayamba kuzindikira kuti dzenje limene anakumba mwakhama lija linali ndi malo a anthu awiri. Kuti galimoto ilephere, panafunika kuti tayala la malume lilephere, pamaso pa anthu onse amene iwo eni anawaitana kukhala mboni.

Malume anayang'ana tayala nthawi yaitali. Anayang'ana kumwamba. Anatsokomola chitsokomolo chija cha m'Malemba.

"Mkamwini," anatero mofatsa, "iwe unabwera liti pa mudzi pano?"

"Ine, amalume, nangonena kuti..."

"Nakufunsa. Unabwera liti, kuti uziphunzitsa ife pamene manda athu ayambira? Manda athu ayambira pa msuku uwu." Anagogoda mtengowo ndi ndodo. "Kuchoka apa kupita uko ni kwa akufa. Galimoto siilowa pakati pa akufa ikulira. Ndine namukodola muphwa kuti aime, ndipo waima pamalo pake penipeni. Mwana waulemu. Tayala lija nalimanga kuti lizimva."

Nkhalamba zinagwedeza mitu. Imodzi inati inde, kuyambira kale msuku umenewu ndi wa kumanda. Kale lake liti sindikudziwa, poti tonse tinabwera kuno dzana, ndipo pansi pa msukuwo panali pakuonekabe mizere ya mtedza wa chaka chatha. Mwini mundawo anali pomwepo, atavala jekete la ku tchalitchi. Anatsegula pakamwa, anaona nkhope za akuluakulu, anatsekanso. Munthu anachoka kunyumba kudzaona chiliza cha mnzake, n'kubwerera atalandidwa ngodya ya munda ndi akufa. Mpaka lero palibe mwana amene amatola masuku a mtengo umenewo.

"Galimoto yafika," anatero malume. "Ni ya muphwa. Nkhani yatha."

"Ngati yafika nitulutseni," anatero akazi a malemu. "Msana wanga. Amalume ako sananimane kanthu, mwana wanga."

Anawatulutsa amayi awiri a kwaya, wina dzanja ili wina ilo, ndipo tonse tinayenda wapansi kukavundukula chiliza. Chinali chiliza chabwino. Dzina analilemba molakwika pang'ono, koma malemu sanali munthu wowerenga.

Pobwerera panafunika kuti galimoto ichoke pa manda atsopanowo. Chigamulo chinkanena za kupita, za kubwerera sichinanenepo kanthu, choncho malume analamula kuti mkamwini abweretse ng'ombe zake. Alamu anazimanga pagoli, anakoleka tcheni kutsogolo kwa galimoto, ndipo ng'ombe zawo zinakoka ekiselo ija pomaliza, ili ndi galimoto yonse pamwamba, ine nditakhala pa chiwongolero ndikuwongolera. Njira yonse sanandiyang'ane. Ndinawafunsa ngati akufuna kukwera pa mpando winawo, poti unali wopanda munthu. Anayankha ng'ombe, osati ine, ndipo mawu ake sanali a tsiku la chiliza.

Patapita milungu ingapo, malume atapita ku chipatala cha ku Mpanshya kukapimitsa magazi, ndinatuma kondakitala wina kuti andigulire beringi ina ku sitolo ya zigayo ija. Ndinaikazinga, inalowa yokha, ndinamanga tayala, ndinafafaniza mapazi anga. Galimotoyo tsopano imayenda mwakachetechete kuchoka pakhomo kufika kumsewu waukulu, kumene ndimaima, poti mapepala ake anatha mphamvu ine ndisanabadwe. Malume akalandira alendo amabwera nawo kudzaona tayala la kumanzere. Amaligogoda ndi ndodo n'kunena kuti, "Ili namanga ine. Mverani, kulibe na phokoso." Ine ndimavomereza kuti kulibe.

Alamu anagula ekiselo ya minibasi yakugwa, ndipo ngolo yawo imalira kuchokera kumunda mpaka kunyumba. Beringi yake akuti anayamba ndi malume.

Nditawonkhetsa zonse, maberingi atatu, kamtanda, girizi ndi petulo wa m'botolo, nkhani yonseyi inandidya K470.